Kuchokera 2 koloko mpaka mdima: mwana wa ku Joni akaweruka amapita kuti?

Belu lowerukira m'sukulu zambiri za pulaimale mu Johannesburg limalira dzuwa likadali pamutu. Ana a Giredi 1 ndi 2 amatuluka cha m'ma 1 koloko kapena hafu pasiti 1, okulirapo cha m'ma 2 koloko. Si ulesi wa aphunzitsi ayi. Ndondomeko ya maphunziro ya dziko lino, yotchedwa CAPS, inaika maola 23 pa sabata kwa ana a Giredi R (kalasi yokonzekera Giredi 1) mpaka 2, maola 25 kwa a Giredi 3, ndi maola 27 ndi theka kuyambira Giredi 4 kupita m'tsogolo. Tsono mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways, amene amakhala ku Diepsloot, akaweruka 5 koloko n'kukaima pamzere wa takisi, pakhomo amafika cha m'ma hafu pasiti 6. Bambo wa mu resitanti ku Rosebank nthawi imeneyo ndiye ntchito yangotentha kumene. Pakati apa pali maola anayi, mwina asanu, tsiku lililonse, ndipo masiku a sukulu pa chaka ndi pafupifupi 200. Ndi maola 800 amenewo kapena kuposa, pamene mwana wa Giredi 5 amakhala m'kalasi maola pafupifupi 1,100 chaka chonse. Tinganene kuti ndi sukulu yachiwiri, kungoti ilibe ahedi.

Kumudzi funsoli silinkafunsidwa n'komwe. Mwana akaweruka ankapeza agogo pakhonde, mkute m'mbale, ndi ntchito ikumudikira, kaya kutunga madzi, kaya kukusa mbuzi, kaya kubereka mng'ono wake. Kuno chipinda ndi chimodzi, cha lendi, kuseri kwa nyumba ya eni, ndipo anansi nawonso apita kukasaka. Mwana wa zaka 8 amangomangiridwa kiyi m'khosi n'kupatsidwa R5. N'chifukwa chake malo a aftercare, osungirako ana akaweruka kusukulu, amera pakona iliyonse, kuyambira ku Cosmo City ndi Zandspruit mpaka ku Yeoville, Mayfair ndi Rosettenville.

Vuto ndi loti liwu limodzi lomweli, aftercare, limabisa zinthu ziwiri zosiyana. China ndi kusunga mwana kuti asagundidwe ndi galimoto kapena kutengeka ndi anyamata a pakona. China ndi kumuumba, kuti pofika madzulo akhale atawerenga, atasewera, ataphunzira kena kake komwe m'mawa sanali kukadziwa. Zonse ndi zofunika. Koma makolo ambiri amalipira mtengo wa chachiwiri n'kumalandira choyamba, ndipo amadzazindikira lipoti la teremu yachitatu litatuluka.

Lowani malo ena otere cha m'ma hafu pasiti 3. Ndi galaja yopentedwa bwino, njovu ndi nyamalikiti pakhoma. Mkati muli ana 30, kuyambira makanda a kireshi (sukulu ya mkaka) amene makolo awo sanafike mpaka anyamata a Giredi 7 mawu atayamba kale kukula. Wamkulu alipo mmodzi, ndipo akusintha thewera. TV ikulira makatuni. Zikwama zaunjikana pakhomo ngati matumba a chimanga kuchigayo, zipi osatsegulidwa ngakhale imodzi. Pakona pali kompyuta yofundika nsalu. Palibe wankhanza pano, ndipo ana ali mkati mwa mpanda. Koma chikwangwani cha pageti chimalonjeza homuweki, kuwerenga ndi makompyuta, ndipo mtengo anauika molingana ndi chikwangwanicho.

Choncho pokaona malo musapite Loweruka kapena m'mawa, pamene pasesedwa ndipo eni ake ali ndi mpata wokuchezetsani. Pemphani tsiku limodzi kuntchito, mufike Lachiwiri kapena Lachitatu cha m'ma 3 koloko osapanganiratu. Choyamba yang'anani zikwama, ngati zili zotsegula kapena ayi. Kenako werengani mitu. Munthu mmodzi wothandiza homuweki sangakwanitse ana opitirira 10 kapena 12, ndipo akasakaniza a Giredi 1 ndi a Giredi 6 pa tebulo limodzi, amene amathandizidwa ndi wofuula kwambiri. Pemphani kulowa kuchimbudzi cha ana, osati cha eni nyumba. Onani ngati geti limakhomedwa, ngati chipindacho chili ndi khomo lachiwiri lothawira moto, ngati pali chozimitsira moto ndi bokosi la mankhwala a chithandizo choyamba. Ndipo funsani kuti, mawa nditatumiza mchimwene wanga kudzamutenga mwanayu, mungamupereke? Akayankha msanga kuti palibe vuto, vuto ndi lomwelo. Malo abwino amakhala ndi buku lolembamo mayina a anthu ololedwa kutenga mwana aliyense, ndipo wotenga amasayina.

Lamulo nalo lilipo, ndipo silisankha mwana wa nzika kapena wa mlendo. Children's Act ya 2005 imati aliyense wosamalira ana oposa 6 m'malo mwa makolo awo, kaya akulipiritsa kaya ayi, akuyendetsa malo ofunika kulembetsedwa kuboma la chigawo. Aftercare yoyendetsedwa ndi sukulu yeniyeniyo ngati mbali ya ntchito zake ili padera. Kufunsa satifiketi imeneyo si mwano. Lamulo lomweli linakhazikitsa kaundula wa anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana, ndipo munthu amadzaza Form 30 ku Department of Social Development kuti alandire kalata yosonyeza kuti dzina lake mulibe. Palinso kaundula wina wa opezeka ndi milandu yogwiririra, wosungidwa ndi Department of Justice. Kunena zoona, malo ambiri a m'mikuku ndi kuseri kwa nyumba alibe mapepala onsewa, ndipo ena mwa iwo ndi abwino ndithu. Koma mvetserani mmene mwini malo akuyankhira. Wonena kuti tinapereka mafomu mwezi wakutiwakuti, risiti nayi, ndi wosiyana ndi amene wakwiya chifukwa mwafunsa. Funsaninso za anthu ena okhala pabwalopo: mwamuna wake, mwana wake wamkulu, alendi anzake. Mwana amakhala pakati pa onsewo, osati mayi wolandira ndalama yekha.

Pa nkhani ya chikwapu, ena a ife timafika n'kunena kuti, aphunzitsi, akachita mwano mumukwapule, ndakupatsani. Kuno mawu amenewo akhoza kumangitsa munthu. Kumenya ana m'sukulu kunaletsedwa ndi South African Schools Act ya 1996, ndipo mu 2019 Constitutional Court inagamula kuti ngakhale kholo pakhomo pake lilibe chodzitetezera nacho pa mlandu womenya mwana. Kupatula lamulo, chikwapu pa homuweki chimabala chinthu chimodzi: mwana amaphunzira kunena kuti lero sanatipatse.

Ndiye pali amalume. Mwana wobadwira kuno akati amalume afika, musaganize kuti ndi mlongo wa amayi ake wachokera ku Mangochi. Malume ndi dzina la madalaivala onyamula ana a sukulu, ndipo dzinalo limachititsa makolo kuwakhulupirira ngati achibale osafunsa kanthu. Woyendetsa ana molipiritsa amayenera kukhala ndi PrDP, chilolezo cha dalaivala wonyamula anthu, pa laisensi yake komanso chilolezo cha galimotoyo chonyamulira anthu. Kuyambira mu 2017 n'koletsedwa kunyamula ana a sukulu kumbuyo kwa bakkie (pikiapu) molipiritsa. Werengani mipando, kenako muwerenge ana. Galimoto ya anthu 7 ikanyamula ana 14 ndiye kuti theka kapena kuposa alibe lamba. Chimene chimasokoneza kwambiri maphunziro a masana ndi maulendo awiri: malume mmodzi amatenga ana a sukulu zitatu, ndipo wa Giredi 1 amene waweruka 1 koloko amakhala panja pa geti kudikira mpaka 3 koloko. Ku aftercare amafika atatopa, njala itamupweteka, ola la kuwerenga litadutsa. Ngati n'kotheka, sankhani malo amene mwana angafike wapansi mphindi 10 kapena 15 kuchokera kusukulu, akuyenda ndi anzake kapena ndi wamkulu wochokera kumaloko.

Masana oyenda bwino ali ndi dongosolo lake, ndipo chimayamba ndi chakudya. M'sukulu zosalipiritsa fizi ana amadya phala kapena chakudya china cha boma, koma amadya m'mawa, ndipo pofika 2 koloko m'mimba mulibe kanthu. Sipafunika zapamwamba. Masilayisi awiri a buledi wa bulawuni ndi chiponde, nthochi kapena lalanje, ndi kapu ya madzi. Tsiku lina mbatata yophika ndi dzira. Chofunika n'choti chakudyacho chichokere pakhomo kapena kukhitchini komwe mwakuona ndi maso. Mu Okutobala 2024 ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo zoyeza zinapeza mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos, omwe amagulitsidwa mozemba m'misewu ngati mankhwala a makoswe. Pa malo alionse osungira ana, kuphatikizapo chipinda chanu chomwe, funsani kuti mankhwala a makoswe ndi mphemvu, parafini ndi bulitchi zimakhala pati. Parafini wothiridwa m'botolo la zakumwa ndiye msampha wakalekale.

Akadya, asakhale pansi nthawi yomweyo. Mwana wakhala pa desiki maola asanu kapena kuposa, ndiye mukamukhazikanso pa benchi mudzalimbana naye mpaka madzulo. Mphindi 30 za mpira, fulaye, chingwe kapena phada zimabweza mutu m'malo mwake. Kenako homuweki. Muyeso umene aphunzitsi ambiri amatsata ndi mphindi 10 pa giredi iliyonse: wa Giredi 2 mphindi 20, wa Giredi 6 ola limodzi. Mwana wa Giredi 3 akamatha maola awiri pa homuweki tsiku ndi tsiku, vuto si ulesi. Pali china chake cham'mbuyo chimene sanachimve, ndipo kumuonjezera maola pa tsamba lomwelo n'kuthira madzi m'dengu. Zikatha izi pabwere mphindi 20 zowerenga buku losakhala la kusukulu, kenako chosangalatsa cha tsikulo, kaya tchesi, kwaya, kujambula, sewero kapena kulima kadimba ka m'matayala. M'nyengo yozizira dongosololi lifupikitsidwe, chifukwa mu Juni dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti 5, ndipo mwana woyenda wapansi ayenera kunyamuka kukuwala.

Pa homuweki pali chinyengo china chimene ngakhale ochichitawo sachiona ngati chinyengo. Wothandiza ali ndi ana ambiri, nthawi yatha, makolo akufuna kuona mabuku odzaza. Ndiye amalemba mayankho pa bolodi, kapena amapereka buku la mwana wanzeru kuti anzake akopere. Buku limabwera kunyumba loyera, aphunzitsi kusukulu amachonga zonse, aliyense ndi wokondwa. Mayeso akafika, mwana yemwe uja amabwera ndi levulo 2, kutanthauza pakati pa 30 ndi 39 pa 100. Kuyesa kwake n'kosavuta, ndipo sikufuna kuti kholo likhale lophunzira kwambiri. Tsekani buku, tengani funso limodzi la masamu a lero, sinthani manambala okha. Ngati analemba 46 kuphatikiza 27, mupatseni 38 kuphatikiza 45, achite mukuona. Akakakamira, pitani mukauze wothandizayo kuti mukufuna homuweki yolakwa koma yolemba mwana yekha. Aphunzitsi a kusukulu amadziwa pothandiza akaona zolakwazo.

Koma nkhani yaikulu kwa mwana wa Chimalawi ku Joni ndi chinenero, ndipo apa mpofunika kukhalitsa. Taganizirani mwana amene kunyumba amamva Chichewa, kapena Chiyao, kapena Chitumbuka. Pamsewu amasewera m'Chizulu chosakaniza ndi Chisutu. Ngati sukulu yake ndi ya ku township, kuyambira Giredi 1 mpaka 3 nthawi zambiri amaphunzira m'chinenero cha deralo, kaya isiZulu kaya Sepedi, ndipo akafika Giredi 4 m'sukulu zambiri maphunziro amatembenukira ku Chingerezi. Ngati ndi ya m'tauni, amayamba ndi Chingerezi ngati kuti ndicho cha kunyumba, n'kuonjezerapo Afrikaans kapena isiZulu. Ana amatola zinenero msanga pakamwa, moti kholo limanyadira kuti mwanayu Chizungu ndiye amachilavula. Koma kulankhula n'kwina, kuwerenga ndi kumva zimene wawerengazo n'kwinanso. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Giredi 4 m'South Africa sankatha kuwerenga momvetsa m'chinenero chilichonse. Amenewo ambiri ndi ana a eni dziko, oyesedwa m'zinenero za m'sukulu zawo. Nanga wathu, amene chinenero cha m'kalasi ndi chachitatu?

Malamulo okhozera nawo sakhululuka pa zinenero. Kuyambira Giredi 4 mpaka 9 mwana amafunika 50 pa 100 pa chinenero chimene sukulu yachilemba ngati Home Language, 40 pa chinenero chachiwiri, ndi 40 pa masamu. Ana athu ambiri amene amabwereza kalasi sagwa pa sayansi kapena mbiri. Amagwa pa Afrikaans, imene pakhomo palibe amene angaitchule ngakhale liwu limodzi, kapena pa isiZulu yolemba, yomwe ndi yosiyana ndi ya pamsewu. Choncho pofunsa malo a masana, funsani mwachindunji kuti ndani pano amathandiza Afrikaans kapena isiZulu, ndipo tsiku liti. Ngati palibe, ndi bwino kupeza wophunzira wa Giredi 11 wa pafupi amene amachidziwa, azikhala ndi mwanayo mphindi 30 kawiri pa sabata, kusiyana n'kulipira patitaimu ya maphunziro onse. Mwana amene wabwera kuchokera kumudzi ali wamkulu kale, n'kuyamba sukulu za kuno pa Giredi 7 kapena kupitirira, malamulo amamupatsa mwayi wapadera pa zinenero ngati wobwera kuchokera kunja, koma sukulu iyenera kumulembetsa motero. Kafunseni ku ofesi chaka chikungoyamba, osati mayeso atayandikira. Kumbukiraninso kuti chaka cha sukulu kwathu chimayamba mu Seputembala pamene kuno chimayamba mu Januwale, ndiye mwana wosamuka amataya miyezi kapena kulowa pakati pa chaka, ndipo teremu yake yoyamba masana onse ayenera kupita ku chinenero.

Mphindi 20 zowerenga zija zili ndi kachitidwe kake. Kuuza ana kuti tengani mabuku muwerenge chamumtima n'kungowapatsa mpata woona zithunzi. Wosadziwa bwino aziwerenga mokweza, wamkulu kapena mnzake wodziwa ali pambali, chala chili pa mzere. Buku likhale la msinkhu wake: atsegule tsamba lililonse, ndipo akapunthwa pa mawu asanu pa tsamba limodzi, bukulo ndi lolimba, mupezereni lofewa ngakhale likhale la giredi yam'munsi. Akamaliza ndime, tsekani buku, mufunse kuti chachitika n'chiyani, ndipo chifukwa chiyani. Apa mpamene kholo la Chimalawi lili ndi chida chimene aftercare ilibe: muloleni afotokoze m'Chichewa. Mwana amene wawerenga m'Chingerezi n'kukufotokozerani bwinobwino m'chinenero cha kwanu ndiye kuti wamvadi. Makolo ena amasiya dala kulankhula Chichewa ndi ana poopa kuwasokoneza, kapena poopa kuti adziwika pamsewu kuti ndi obwera. Mantha achiwiriwo ndi omveka, tonse tikudziwa mmene zinthu zimakhalira nthawi zina. Koma mkati mwa nyumba, kulankhula ndi mwana Chingerezi choduladula m'malo mwa Chichewa chokhwima ndi kumumana mawu. Nthano, miyambi, kufunsana za tsikulo, zonsezi zimamanga mutu womwewo umene akawerengere Chingerezi. Ndipo tsiku lomwe adzatsike basi ku Wenela, agogo adzafuna kucheza naye.

Mabuku si chifukwa chodandaulira. Book Dash ndi Nal'ibali amaika nkhani za ana zaulere pa intaneti, ndipo African Storybook, imene inayambitsidwa ndi bungwe la Saide mu Johannesburg momwemu, ili ndi nkhani m'zinenero zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe. Mabuku olemberamo a boma a Giredi R mpaka 9 amapezekanso pa webusaiti ya Department of Basic Education. Koma foni m'manja mwa mwana imathawira ku TikTok mphindi ziwiri zisanathe. Koperani nkhanizo, zimitsani data, kapena kasindikizeni masamba ochepa ku internet café.

Malo aulere kapena otchipa alipo, ngakhale mipata imadzaza msanga ndipo kulembetsa kwambiri kumachitika chaka chikamayamba. Afrika Tikkun ili ndi malo ku Alexandra, Diepsloot, Orange Farm ndi Braamfontein. Boys and Girls Clubs of South Africa inayambira ku Pimville, ku Soweto, n'kufalikira kumadera ena monga Protea Glen ndi Bertrams. IkamvaYouth imathandiza a sekondale ku Ivory Park, Ebony Park ndi Diepsloot, ndipo salipiritsa, koma wojombajomba amataya malo. Ku Newtown kuli Sci-Bono Discovery Centre kwa mwana wokonda kumasula mawailesi, ndipo ku Diepkloof kuli Buskaid, komwe ana a ku Soweto aphunzira kuimba vayolini kuyambira m'ma 1990. Malaibulale a mzinda salipiritsa kukhala mkati n'kuwerenga, ngakhale pobwereka buku amafuna chiphaso ndi umboni wa komwe mukukhala. Kungoti laibulale si malo osungira ana. Wogwira ntchito mmenemo sadzathamangira mwana wanu wa zaka 7 akatuluka panja. Musaiwalenso zimene zili kale m'manja mwathu: madrasa ya masana kwa ana a Chisilamu ku Mayfair ndi Fordsburg, kwaya ya ana kutchalitchi, ma Pathfinder, masikauti. Komanso sukulu yeniyeniyo imakhala ndi masewera ndi makalabu masiku ena, ndipo ana ambiri amaphonya chabe chifukwa malume sadikira.

Ambiri amaopa kukalembetsa ana chifukwa cha mapepala. Pa sukulu za boma nkhaniyo khoti linaimaliza: mu Disembala 2019 High Court ya ku Makhanda inagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa satifiketi yobadwira kapena pemiti. Mabungwe a masana ali ndi malamulo awoawo, ndipo ena amapempha zikalata chifukwa owapatsa ndalama amafuna kaundula. Nyamulani chimene muli nacho: lipoti la kusukulu, khadi la kukiliniki, kalata ya ahedi, afidaviti. Nkhawa imeneyi si yatsopano mu mzinda uno. Mu 2008 pa Sacred Heart College ku Observatory panayamba ntchito yotchedwa Three2Six, yophunzitsa ana a othawa kwawo ndi obwera amene anasowa malo m'sukulu, ndipo dzinalo linachokera ku maola omwe tikukambawa, 3 koloko mpaka 6 koloko.

Za masewera, ziwiri zokha. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mvula ya kuno imakonda kubwera masana ndi ziphaliwali zoopsa, nthawi yomwe ana ali pabwalo. Kochi wabwino akamva bingu amalowetsa ana m'nyumba, osati pansi pa mtengo. Chachiwiri ndi kusambira. Mwana wa ku Nkhotakota amabadwira m'madzi, koma wa ku Alexandra amangodziwa Jukskei, mtsinje umene umadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwera kutali. Madamu osambira a khonsolo amatsegulidwa nyengo yotentha pa mtengo wochepa, ngakhale ena amakhala otseka, ndiye funsani kaye. Mwana wa mayi wogwira ntchito m'nyumba ya dziwe losambira ayenera kuphunzira kuyandama asanaphunzire china chilichonse.

A sekondale safuna kusungidwa, koma ndi amene amasochera kwambiri. Chaka cha Giredi 9 ndicho mphambano, chifukwa kumapeto kwake amasankha pakati pa Mathematics ndi Mathematical Literacy, ndipo wosankha yachiwiriyo watseka khomo la udokotala ndi uinjiniya. Ngati pali ndalama ya patitaimu ya chaka chimodzi chokha, iikeni pa masamu a Giredi 8 kapena 9, osadikira matric, Giredi 12, pamene dzenje lakula kale. Mabuku a Siyavula a masamu ndi sayansi ndi aulere pa intaneti, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo alinso pa webusaiti ya boma, ndipo Gauteng ili ndi makalasi oonjezera otchedwa SSIP m'sukulu zina. Chimene chimadya nthawi ya ana a msinkhu uwu, makamaka atsikana, ndife makolo. Mtsikana wa Giredi 10 amene amatenga ang'ono ake kukireshi, kuphika, kuchapa ndi kukolopa ndiye aftercare ya banja lonse, ndipo malipiro ake amaoneka pa lipoti. Mupatseni masiku awiri okha pa sabata amene ntchitozo zili m'manja mwa wina.

Kumene kulibe malo abwino pafupi, mabanja angathe kupanga awo, monga timachitira chipereganyu. Ana asapitirire 6, ndipo akhale a misinkhu yoyandikana. Papezeke munthu mmodzi wodziwika bwino, wodziwa kuwerenga Chingerezi, ndi chipinda chimodzi chokhazikika chokhala ndi tebulo, kuwala ndi chimbudzi. Masamu ake ali motere. Malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma kuyambira Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndipo amakwera chaka ndi chaka. Pa mtengo wa 2025 umenewo, maola anayi pa tsiku, masiku asanu, ndi R575.80 pa sabata, pafupifupi R2,500 pa mwezi. Kugawa kwa ana 6, banja lililonse limapereka R420 kapena kuchepera pang'ono pa mwana, kuonjezapo chakudya, mapensulo ndi bokosi la mabuku. Wogwira ntchito maola oposa 24 pa mwezi amayeneranso kulembetsedwa ku UIF, thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera. Magulu otere kawirikawiri sathera pa maphunziro koma pa ndalama ndi ulemu wa pachibale. Banja limodzi limachedwa kulipira, anzake amachita manyazi kufunsa, wosamalira uja amapeza ganyu kwina. Kapena mlongo wa uje wabweretsa khanda lake kuti lingokhala nawo lero lokha, ndipo pakutha mwezi gulu lasanduka kireshi. Lembani pa pepala kuyambira tsiku loyamba: ndalama imalowa pa 1, amasunga ndani, wochedwa kutenga mwana amaonjeza zingati, wosamalira akadwala amalowa m'malo ndani.

Mafunso omwewa ndi ofunika ku aftercare yolipira. Kodi Disembala amalipiritsa mwezi wonse ngakhale sukulu zimatsekera pakati? Pa holide ya Juni ndi Julayi amatsegula tsiku lonse, ndipo mtengo umasintha? Tsiku limene sukulu yaweruka msanga, monga nthawi ya mayeso, amalandira ana 11 koloko? Lipirani kudzera ku banki kapena landirani risiti. Mwana aloweze pamtima manambala a foni awiri, osangodalira pepala la m'chikwama, ndipo adziwe kuti 116 ndi Childline, nambala yaulere yothandiza ana, ndi kuti 112, nambala ya zangozi, imagwira pa foni ya m'manja iliyonse.

Kuti mudziwe ngati ndalama yanu ikugwira ntchito, musadikire lipoti. Sabata yoyamba, mupatseni mwana tsamba la msinkhu wake, awerenge mokweza mphindi imodzi yokha mukuyang'ana wotchi ya pa foni, ndipo muwerenge mawu amene watchula molondola. Lembani nambalayo ndi deti lake kuseri kwa kalendala. Bwerezani mwezi uliwonse ndi tsamba lina lofanana kulimba kwake. Ikamakwera, ngakhale pang'onopang'ono, musamusunthe mwanayo ngakhale malowo akhale osaoneka bwino. Ikaima malo amodzi teremu yathunthu, musanakalipire wina aliyense, yambani mwapita naye kukiliniki akamuyeze maso ndi makutu, chifukwa ana ena amene amatchedwa ogona m'kalasi amangokhala kuti saona pa bolodi. Maso ndi makutu zikapezeka zili bwino, lembani kalata kwa aphunzitsi ake yopempha kuti nkhani yake ipite ku School-Based Support Team, komiti ya pasukulupo yoona za ana amene akuvutika kuphunzira, ndipo musunge kope la kalatayo.